Kudzutsa masipika a malume a AR-4x

1 Juni 2024: ndakawatenga ku Domasi

Kuyambira chaka chatha malume akhala akundiuza kuti ndikachotse "mabokosi aja" m'chipinda chawo chosungiramo chimanga, apo ayi awapatsa anyamata oonetsa mavidiyo pamsika. Lero ndapita. Ndi masipika awiri a AR-4x, opangidwa ndi Acoustic Research ya ku Cambridge, Massachusetts, ku America. Mtundu umenewu unayamba kutuluka mu 1965. Malume anawagula kwa mphunzitsi mnzawo wachimereka amene ankabwerera kwawo, nthawi ija Zomba adakali likulu la dziko. Iliyonse ili ndi wufa (yotulutsa mawu apansi) ya mainchesi 8 ndi twita (yotulutsa mawu apamwamba) yapepala ya mainchesi awiri ndi theka. Ndi aang'ono, kutalika sikupitirira theka la mita, koma kuwanyamula awiri kuchokera pamsewu kufika kunyumba mapewa amadziwa.

Kuti ndisamasokoneze ndawapatsa maina. Ina ili ndi chipsera cha kandulo pamwamba, ndiye ndi Chipsera. Inzake inakhalira pachinyezi mpaka kona yapansi kutupa, ndiye ndi Chotupa.

Matenda a masipikawa malume akuti anawadziwa kale. "Matwita anapsa kalekale amenewo. Akuyimba ngati munthu akulankhulira m'ndowa. Ukangogula ena n'kuikamo basi."

Minibasi kupita ndi kubwera K14,000. Kondakitala anaumirira kuti mabokosi akhala pampando wa munthu, ndiye K3,000 ina.

2 Juni: kumvetsera ndisanakhudze sikuludiraiva

Ndawalumikiza ku ampulifaya yanga yakale ya Sansui, volyumu pansi. Malume sananame. Chipsera ilibe mawu apamwamba ngakhale pang'ono, khutu pa twita kuli zii. Chotupa twita yake imabwera n'kuchoka: ukazunguza kachotsegulira ka twita komwe kali kumbuyo kwa bokosi imati tswe-tswe, n'kulira masekondi angapo pamalo amodzi, kenako n'kuthawanso.

Choyamba ndinasinthanitsa mawaya kumbuyo kwa ampulifaya, wakumanja kumanzere. Vuto linatsalira pa Chipsera pomwepo, kutanthauza kuti ampulifaya ilibe mlandu. Chachiwiri, kumbuyo kwa masipikawa kuli manati omangirapo mawaya. Akamasuka kapena kuchita dzimbiri, mawu sadutsa bwino. Ndinamasula, kupala ndi sandipepa mpaka mbee, kumanganso. Sizinasinthe. Koma kuti twita ya Chotupa ikulira ndikagwedeza kachotsegulira, zandiuza kuti imeneyo ndi yamoyo, ndipo ndikukayika ngati inzake inafadi.

Madzulo ndinaimbira bambo wina wokonza mawailesi ku Ndirande amene ndimabwerekako zida. Akuti, "Achimwene, musavutike. Ndili ndi matwita a piezo, awiri K4,000. Tiboola pang'ono, tilowetsa." Ndawauza kuti adikire kaye.

8 Juni: kutsegula, ndi zinthu zitatu zomwe ndalakwitsa tsiku limodzi

Bokosi la AR-4x lilibe chitseko kumbuyo. Khomo lake ndi bowo la wufa lokha, ndipo kuti ufike pa wufa uyenera kuchotsa kaye chimango cha nsalu yakutsogolo, chomwe anachimata ndi guluu. Pa Chipsera ndinalowetsa sikuludiraiva pakona n'kutukula mwamphamvu. Chimangocho ndi cha hardboard yopyapyala, chinangoti thyo. Pa Chotupa ndinaphunzira: mpeni wopalira penti, wopyapyala, kuulowetsa pang'onopang'ono kuzungulira mbali zonse, pansi pake nditaika kakatoni kuti ndisakande thabwa. Chinatuluka chathunthu pakatha mphindi 20. Kuseri kwa nsalu kunali mazira a mphemvu ouma, koma makoswe sanalowe m'kati. Fungo lomwe linkamveka pamabokosiwa linali lakunja kokha.

Cholakwa chachiwiri. Masikulu a wufa salowa m'thabwa, amalowa m'manati a mano okhomedwa kuseri kwa thabwalo. Imodzi inali yolimba, ine n'kuikankha ndi thupi lonse pomasula. Nati inazuka n'kugwera m'kati. Pomasula masikulu oterewa musatsamire, ingozunguzani.

Masikulu onse atachoka wufa sinasunthe. Anaimata ndi phala lotseka mpweya lomwe pano lauma ngati dothi la pachulu. Ndinaitukula pang'onopang'ono mbali ndi mbali mpaka inalola.

Cholakwa chachitatu n'chomwe chidzandipweteke kutsogolo, ndikudziwa: ndinadula mawaya a wufa ya Chipsera ndisanajambule chithunzi. Ndinadziuza kuti ndikumbukira.

M'kati mwadzaza fibreglass, thonje loyabwa lija. Ndinayamba ndi manja osavala kanthu, ndipo pofika masana mikono inali moto ngati ndadutsa m'chitedze. Ndinasiya, n'kupita kukagula magolovesi ndi masiki, K3,500. Thonje la bokosi lililonse ndaliika m'jumbo lakelake ndi dzina pamwamba, chifukwa kuchuluka kwake kuli ndi gawo pa momwe besi imamvekera, ndiye liyenera kubwerera momwe linalili. Panalinso kansalu kopyapyala kotchinga thonjelo kuti lisalowe kuseri kwa wufa. Kang'ambika, koma ndakasunga.

9 Juni: matwita onse ndi amoyo

Crossover yake, yomwe imagawa mawu pakati pa wufa ndi twita, ndi yachidule kwambiri, yonse ili pa kathabwa kokhomedwa kumbuyo m'kati mwa bokosi: koyilo imodzi ya wufa, kapasita imodzi ya 20 µF yotchinga mawu apansi kuti asafike ku twita, ndi pot imodzi, yomwe ndi kachotsegulira kaja tikakaona kunja. Zinthu zitatu basi. Ndiye wolakwa sangabisale nthawi yaitali.

Ndinamasula waya mmodzi pa twita ya Chipsera n'kuika mita yoyezera magetsi. Inawerenga ma ohm asanu ndi kanthu. Twita yopsa siwerenga chilichonse. Kuti nditsimikize ndinatenga nyimbo pa ampulifaya, volyumu pansi penipeni, kudutsitsa pa kapasita kakang'ono komwe ndinali nako m'kabati, n'kugunditsa pa twitayo mwachindunji. Inayimba bwinobwino. Zaka zonsezi yakhala ikunamiziridwa. Musaike nyimbo pa twita popanda kapasita pakati, besi ikhoza kuiphadi tsopano.

Mawufa onse awiri awerenga mofanana, makoyilo ndi athunthu. Mphepete mwa mawufawa ndi mwa nsalu, osati siponji ija imafumbutuka pakapita zaka, choncho ntchito yomata mphepete zatsopano yandidutsa.

Mita yanga siyeza makapasita, ndiye ndinakabwereka ya bambo a ku Ndirande aja. Makapasita ake ndi akale a pepala ndi phula, ooneka ngati kamtanda ka sopo. Ya Chipsera yawerenga 27, ya Chotupa 31, m'malo mwa 20. Yakalamba, ndipo yakalamba mosiyana, zomwe n'zoipa kwambiri chifukwa sipika iliyonse ikhala ndi liwu lake. Koma kapasita yotere simazimitsa twita.

Wozimitsa ndi pot. Mita pakati pa miyendo iwiri yakumapeto yawerenga pafupifupi ma ohm 16, bwinobwino. Koma kuchokera pamwendo wapakati, womwe umapita ku twita, pa Chipsera palibe chilichonse ngakhale uzunguze bwanji. Pa Chotupa manambala akungodumphadumpha.

15 Juni: kusaka makapasita ku Limbe

Tsiku lonse lathera pamenepa. Chomwe ndimafuna ndi kapasita ya 20 µF yopanda pulasi ndi mainasi, chifukwa magetsi a nyimbo amapita uku ndi uku. M'mashopu atatu a zida za mawailesi anandipatsa zofanana: tating'onoting'ono ta 22 µF tokhala ndi mzera wa mainasi m'mbali. Mnyamata wina anandiuza kuti aliyense amaika tomweto ndipo palibe anabwezapo. Ndikukhulupirira kuti palibe anabweza, koma si umboni woti n'zoyenera.

Pali njira ya mmphawi yomwe imagwira: kutenga awiri a mzera aja n'kulumikiza mainasi ndi mainasi, n'kugwiritsa ntchito miyendo ya pulasi yotsalayo. Mphamvu yake imagawika pakati, ndiye awiri a 47 amapereka 23 ndi theka. Ndinagula anayi, K2,000, kuti ndikhale ndi poyambira.

Pobwerera kokwerera minibasi ndinadutsa pashopu ya mapampu a madzi ndi mamota. Pashelufu panali makapasita oyera ozungulira, ndipo pa imodzi panalembedwa CBB60, 20 µF, 450 V. Ndinaima n'kudzimenya pachipumi. Kapasita yoyendetsera mota ndi ya polypropylene, ilibe pulasi kapena mainasi, ndipo m'kati mwake ndi zomwezo zimene anthu amaitanitsa kunja ndi ndalama zambiri. Mwini shopu anafunsa kuti pampu yanga ndi ya mahatchi angati. Nditati ndi ya sipika anandiyang'ana kaye, kenako n'kuti, "Bola mwalipira." Ndinayeza zisanu ndi mita yobwereka ija pakauntala pomwepo n'kusankha ziwiri zoyandikana, 19.6 ndi 20.3. Iliyonse K9,500.

Chenjezo kwa amene angatsatire njirayi: m'mashopu omwewo muli ena olembedwa CD60, odzutsira mota, a manambala akuluakulu. Amenewo si a ntchito iyi. Werengani pathupi pake, musangomvera kuti "ndi yomweyo".

Solder K2,500.

16 Juni: m'mimba mwa pot

Pot imachoka ukamasula kachotsegulira ndi nati kunja, n'kuikoka cham'kati. Yamangidwa ndi kawaya kolimba kopinda, ukakatsegula imagawika pawiri. Mbali imodzi ndi dongo loyera lowotcha, mozungulira muli waya wopota ngati sipuling'i. Pakati pali kambale kachitsulo, ndipo kalilime kamkuwa kamayenda mwendo umodzi pa sipuling'i, wina pa kambaleko. Magetsi a twita onse amadutsa pomwe kalilimeko kakhudza.

Ya Chotupa inali yobiriwira ngati ndere za pachitsime. Ndinaiviika mu viniga wothira mchere kwa ola limodzi, kutsuka ndi kaburashi kawaya, kutsukuluza ndi madzi ambiri, n'kuyanika padzuwa la masana, lomwe mwezi uno ndi losowa. Chitsulo chinawala. Ndinapinda kalilime pang'ono kuti kazikanikiza, kupaka vaselini wochepa kwambiri, n'kubwezera. Mita tsopano ikuyenda mosadumpha kuchokera pa 0 mpaka kumapeto.

Ya Chipsera ndinachita chimodzimodzi, koma zobiriwira zitachoka ndinapeza kuti pansi pake palibe chitsulo. Kambale kadyeka mabowo ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi, ndipo nsonga ya kalilime inatsalira pa burashi. Zaka zoposa 50, zina mwa izo m'chipinda cha chimanga ku Domasi komwe khoma limatuluka thukuta dzinja lonse, sindingaidandaule.

Viniga, burashi ndi vaselini K3,000.

Makapasita akale ndawasiya pamalo pake, ndangodula mawaya. Kuwazula kukanatha kutukula kathabwa ka crossover, komwe kamatsekanso mpweya kumbuyo. Atsopanowa ndi aakulu ngati botolo la mankhwala a chifuwa. Ndawamanga ndi ma cable tie pa kathabwa kena komwe ndamata pansi pa bokosi. Aja a K2,000 sanagwire ntchito ina iliyonse, ali m'kabati.

22 Juni: ndadula pot, ndanong'oneza bondo

Maganizo anali akuti, poti pot ya Chipsera yafa, ndingoichotsa m'njira, waya wochokera pa kapasita apite ku twita mwachindunji. Ndinawotcherera, kubwezera thonje, kukhazika wufa mongogwirizira, n'kuyatsa.

Twita inalira, inde. Koma kulira kwake kolasa m'makutu. Mawu a azimayi a kwaya akumveka ngati akuyimbira m'chitini, ndipo ndikakweza pang'ono twita ikuchita ngati ikukhosomola. Chotupa pambali pake, ndi pot yake yotsukidwa, ikuyimba mofatsa. Mayi a kunyumba anatulukira kukhitchini n'kufunsa ngati ndakonza kapena ndaononga.

Ndinakhala pansi n'kujambula mawaya papepala, zomwe ndinayenera kuchita poyamba. Pot ija sikuti imangochepetsa mawu. Waya wake wa ma ohm 16 amakhala pambali pa twita nthawi zonse, ngakhale utatsegula mpaka kumapeto, ndipo 20 µF ija anaisankha akuwerengera kuti iye alipo. Ukamuchotsa, twita imayamba kulandira mawu apansi kuposa omwe anaipangira. Malire a wufa ndi twita pa masipikawa ali cha pa 1,200 Hz, omwe ndi otsika kale kwa katwita kakang'ono chonchi. Ine ndinawatsitsanso. Ndikanapitiriza ndi volyumu yokwera, mawu a malume aja akanakwaniritsidwa ndi manja anga.

Ndazimitsa, ndadula waya.

29 Juni: ma resistor awiri m'malo mwa pot

Pot ya ma ohm 16 ya waya wopota sindinaipeze, ndipo sindinayembekezere kuipeza. Akunja amaikamo L-pad, kachipangizo kena kochepetsera mawu, ndi resistor (kachida kochepetsa magetsi odutsa) pambali, koma kuitanitsa ndi kudikira mwezi. Ndiye ndinaganiza zoti pot yoima malo amodzi ndi ma resistor awiri basi: wina kuchokera pa kapasita kupita ku twita, wina pambali pa twitayo.

Kuti ndidziwe manambala, ndinakhala madzulo atatu ndikumvetsera Chotupa yokha, kuzunguza kachotsegulira mpaka pomwe mawu a wowerenga nkhani pa wailesi anamveka ngati munthu ali m'chipinda momwemo, osati wa chimfine komanso osati wa mluzu. Ndinaika chizindikiro ndi pensulo. Kenako ndinamasula mawaya n'kuyeza kuchokera pamwendo wapakati: mbali yopita ku kapasita 3.6, mbali inayo 12.1. Kushopu oyandikira ndi 3.3 ndi 12. Ndagula awiri a mtundu uliwonse, oyera a simenti aja a 10 W, K1,500 iliyonse, pamodzi K6,000.

Apa panali chisankho chowawa pang'ono. Pot ya Chotupa ndinaivutikira ndipo ikugwira. Koma masipika awiri ayenera kufanana, ndipo ndikudziwa kuti mvula ikagwa kawiri katatu zobiriwira zija zibweranso. Ndaika ma resistor monsemo. Ma pot ndawabwezera m'mabowo awo opanda waya, kuti atseke bowo komanso kumbuyo kuzioneka momwe kunalili. Ya Chotupa ndaisiya yathunthu, wofuna kudzabwezeretsa adzangowotcherera mawaya atatu.

Ma resistor ndawakweza pang'ono kuti asagone pathabwa, ndipo thonje ndalisiyira mpata pozungulira, chifukwa amafunda.

Magetsi anazima ndili pakati powotcherera, soldering iron n'kuzizira m'manja. Ndamalizira m'mawa wa Lamulungu tisanapite kutchalitchi.

6 Julayi: besi yasowa

Anthu ali kokondwerera ufulu, ine ndili pakhonde ndi masikulu. Nati ija inagwera m'kati ndaibwezera ndi guluu wa epoxy, K4,500, nditapaka vaselini pa sikulu kuti guluu asalowe m'mazinga. Phala lakale ndalipala lonse. M'malo mwake ndagula chingwe cha butyl, chakuda chomata chija amatsekera magalasi ndi nyali za galimoto, K6,000 kwa anyamata oika magalasi. Ndinachipota chopyapyala ngati chingwe cha nsapato n'kuzunguliza pabowo. Osachulutsa, chimagwira kwambiri, ndipo tsiku lina mudzafuna kutsegulanso.

Ndinamanga zonse, kuika chimbale, kukhala pakati. Mawu apamwamba ali bwino, ofanana mbali zonse. Koma besi kulibe. Gitala ya besi ikumveka ngati ili kwa aneba, ndipo woyimba sakudziwika pomwe waima, ali paliponse. Ndikazunguza balansi kupita mbali imodzi besi ikubwera, ndikabwezera pakati ikuthawa.

Ndinadziwa nthawi yomweyo. Chithunzi chija sindinajambule pa 8 Juni.

Kuyesa kwake n'kwa batire la tochi la 1.5 V. Ukagunditsa pamanati akumbuyo, wufa imasuntha kutsogolo kapena kumbuyo. Ndi batire loyang'ana mofanana, ya Chotupa inatuluka, ya Chipsera inalowa. Wina akukankha mpweya pomwe mnzake akukoka, ndiye besi imadyana yokhayokha.

Wina anganene kuti ungotembenuza mawaya kumbuyo kwa bokosi n'kuthana nazo. Ayi. Ukatero wufa ikhala bwino koma twita ya bokosi lomwelo itembenuka, vuto n'kungosamukira kumtunda. Panalibe kuchitira mwina koma kutsegulanso. Butyl ija ndimati musachulutse, ndinachulutsa. Ola lathunthu kulimbana ndi wufa imodzi. Ndasintha mawaya, ndalemba chizindikiro chofiira pa waya ndi pa mwendo wake, ndajambula zithunzi zinayi.

Besi yabwera. Kwa timabokosi totere, ndinangoti kukamwa yasa.

7 Julayi: Chotupa ikupuma

Masipikawa ndi a bokosi lotsekeratu. Edgar Villchur, amene anayambitsa kampani ya Acoustic Research ndi Henry Kloss mu 1954, anapanga wufa yofewa kwambiri n'kusiya mpweya wotsekeredwa m'bokosi kuti ukhale sipuling'i yake. Ndiye bokosi likamadontha mpweya, wufa ilibe choigwira.

Kuyesa kwake: zala zitatu mozungulira pakati pa wufa, kukankha pang'onopang'ono, kusiya. Ya Chipsera imabwerera mwaulesi, kupitirira sekondi. Ya Chotupa imangoti fwa nthawi yomweyo.

Bambo a ku Ndirande atabwera kudzatenga mita yawo anati ndi nsalu ya mphepete mwa wufa yauma, ndipake guluu wa nsapato. N'zoona kuti nsalu zimenezi zimatha kuyamba kudutsa mpweya. Koma ndinapaka guluuyo pa kansanza n'kusiya usiku, m'mawa kanali gwa ngati chikopa cha ng'oma. Pa wufa zikanapha kufewa komwe ndi moyo wake, ndipo sizichoka. Ndinakana mwaulemu. Anaseka n'kuti ndimakonda kuvutika.

Ndinaika kaphokoso ka 30 Hz kuchokera pa foni, kokwera pang'ono mpaka wufa kuoneka ikugwedezeka, n'kutenga kapaipi ka pulasitiki, mbali ina kukhutu, inayo kuyendetsa m'mphepete monse. Pa nsalu ya wufa, chete. Pozungulira butyl, chete. Kumbuyo pa kachotsegulira, psii-psii pang'ono. Pa kona yotupa ija, mphepo yeniyeni, mpaka kumva kuzizira pachala. Thabwa linatupa n'kutsegula mpata pomwe mbali ziwiri zikumana.

13 Julayi: kona, ndi kachiwawa kena

Wufa ya Chotupa yatulukanso. Kona ndaithira guluu wa matabwa wosungunula pang'ono ndi madzi kuti alowe m'thabwa lofumbutukalo, kenako wosasungunula, n'kufinya ndi zipanitso ziwiri zobwereka kwa kalipentala wa pamsewu wathu. Zakhala masiku awiri. M'kati ndapaka guluu wosakaniza ndi utuchi m'mbali monse mwa konayo. Pozungulira pot ndamatapo butyl. Kutupa sikunathe konse, ukayang'anitsitsa kukuoneka, koma mpweya sukudutsa. Tsopano mawufa onse akubwerera mwaulesi mofanana.

Nditatseka, pa nyimbo ya piyano panabuka kaphokoso ka zzz pa manotsi ena okha, pa Chotupa pomwepo. Mtima unagunda, ndinaganiza kuti koyilo ya wufa ikukhula pa magineti, yomwe ikanakhala nkhani ina yaikulu. Ndinakankha wufa ndi zala mofanana mbali zonse, palibe kukhula. Ndi foni ndinayendetsa kaphokoso kuchokera pansi kukwera, zzz uja akutuluka cha pa 180 Hz basi. Kutsegula kachitatu. Waya amene ndinamuonjezera kutalika kuti ndizigwira ntchito momasuka anapinda n'kutsamira kuseri kwa pepala la wufa. Ndamufupikitsa, ndamukwirira m'thonje, kansalu kotchinga kaja ndakayala bwino. Pobwezera mawufa onse ndawatembenuza, kumwamba kwapita pansi, poti akhala zaka zambiri akulendewera mbali imodzi.

Zzz watha. Butyl yatsala yokwana chala chimodzi, ndiye kutsegula kwina kusakhaleko.

20 Julayi: matabwa

Kunja kuli kachikopa kopyapyala ka mtengo wa walnut, ndiye makina opalira ayi. Sandipepa ya 220 pamanja, kutsata mizere ya thabwa. Mabwalo a zitini zomwe ankasanjikapo achoka. Chipsera cha kandulo chalowa kwambiri, ndinapala pang'ono n'kuona kuti ndiboola, ndiye chikhale, ndi dzina lake. Mafuta a linseed owiritsa, kupaka, kudikira mphindi 15, kupukuta onse otsala. Kawiri, motalikitsa masiku atatu chifukwa kunja kuli chiperoni ndipo sakuuma msanga. Nsanza za mafutawa musaziunjike m'chitini, zimatha kuyaka zokha. Zanga ndinaziyanika pawaya.

Sandipepa, mafuta ndi guluu wa matabwa uja, zonse K16,000.

Chimango chothyoka ndachilumikiza ndi epoxy yotsala ndi kachidutswa ka hardboard kuseri. Nsalu ndinayesa kuchapa ya Chipsera ndi sopo m'madzi ofunda. Yafupika, siikufikanso m'mbali. Cholakwa chachinayi, kapena chachisanu, ndasiya kuwerenga.

3 Ogasiti: malume abwera

Ndalama zonse, kuphatikizapo K9,000 ya maminibasi a ku Limbe ndi ku Ndirande, zakwana K88,500. Pa zimenezo, zomwe zachiritsa matenda enieni, makapasita ndi ma resistor, ndi K25,000. Zinazo ndi mayendedwe, kukongoletsa ndi kulipira zolakwa zanga.

Malume anabwera ku Blantyre kudzaonetsa maso kuchipatala, ndiye anagona kwathu. Ndinawakhazika pampando wapakati n'kuika chimbale cha rumba chomwe anandipatsa okha zaka zapitazo. Anakhala chete nyimbo yonse, chipewa pabondo. Itatha anadzuka n'kukayang'anitsitsa twita ya Chipsera, poti nsalu palibe.

"Wagula kuti ofanana chonchi?"

"Ndi omwe aja, malume. Sanapse."

"Iwe, ine ndinawamva akufa ndi makutu angawa."

Ndinawatulutsira kambale kodyeka kaja, komwe ndakasunga m'kabotolo. Anakatembenuza m'manja, kukayang'ana padzuwa kudzera m'mabowo ake, n'kukaika m'thumba la jekete osapempha. Kenako anati mawu apamwamba achepa pang'ono poyerekeza ndi kale, ndiwonjezere. Ndinawauza kuti kachotsegulira sikagwiranso ntchito. Anakazunguzabe, mbali zonse ziwiri, n'kubwerera pampando n'kuti tsopano zili bwino.

Chatsala ndi nsalu. Ikufunika yoluka motayana, yoti ukaiyang'anitsa kudzuwa uziona kuseri ndipo ukapuziramo mpweya uzidutsa osavuta. Ndaona ina yotuwira pamulu wa makatani pa kaunjika ku Limbe, mayi wake akuti K7,000 ndipo sakutsika. Ndipitanso Loweruka ndi chimango m'manja. Ulendo uno sindimata ndi guluu, ndiika tizidutswa ta Velcro m'makona.